Munabwera kudzazonda odwala kapena kudzajambula?

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko patsamba lanu za zomwe zinandichitikira Loweruka lapitali, chifukwa ndikapanda kuzitulutsa zindidwalitsa. Ine ndine gadiyani. Sabata ino ndi yachitatu ndikugona pansi, pafupi ndi bedi la mayi anga, mu wodi ya amayi pachipatala china cha boma. Mayi anga ali ndi zaka 74. Sitiroko inawagwera ali kudimba, mbali yonse yakumanja inafa, pakamwa panakhota, mawu satuluka bwinobwino. Munthu amene ankatsogolera nyimbo pamaliro onse a m'mudzi mwathu lero amangoyang'ana ndi maso.

Tsikulo cha m'ma 2 koloko masana kunalowa gulu la achinyamata a mpingo wina wa m'tauni. Dzina la mpingowo sinditchula, eni ake akudzidziwa. Analipo oposa makumi awiri, onse mu malaya oyera ofanana, kumsana kutalembedwa mawu a Chingerezi onena za kusintha miyoyo ya anthu. Patsogolo panali mnyamata wa kamera yaikulu, wina atamangirira foni pakamtengo, ena awiri atatambasula chinsalu chokhala ndi nkhope ya abusa awo. Mtsikana wina anasenza beseni lofiira la pulasitiki lodzaza thoo: shuga, sopo, mafuta odzola, buledi, botolo la Sobo, pamwamba pake chitenje chatsopano chosachapa n'komwe.

Tonse tinakondwa, ndisaname. Aliyense akudziwa momwe shuga wakwerera. Magadiyani tinasuntha mabeseni athu, tinapinda mphasa, ena mpaka anayamba kulandiza nyimbo. Mtsogoleri wawo anayima pakati pa wodi n'kulalikira kuti Mulungu analenga munthu aliyense ndi cholinga, ndipo iwo cholinga chawo anachipeza, ndicho kutumikira ena. Ine ndinati ameni ndi mtima wonse, kenaka ndinatuluka kukataya madzi omwe ndinali nditawapukutira mayi.

Pobwera ndinapeza beseni lofiira lija lili pamiyendo ya mayi anga. Mnyamata wina anali atagwira dzanja lawo lakufalo n'kulisanjika m'mphepete mwa beseni. Dzanja linatsetsereka n'kugwa. Analitolanso n'kulibwezera pomwepo. Linagwanso. Kachitatu analipanikiza ndi paketi ya shuga kuti likhale. Wa kamera n'kumati, “Agogo, yang'anani kuno, mumwetulireko pang'ono.” Munthu wokhota pakamwa amwetulire bwanji? Chitenje chomwe ndinawafunditsa chinali chitasunthira pambali, phewa lonse lili pamtunda, dovu likutsika pachibwano, ndipo mwa anthu makumi awiri aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zowapukuta kapena kuwafunditsa. Onse anali kalikiliki kufola kumbuyo kwa bedi kuti chinsalu chioneke bwino.

Nditafunsa kuti mukutani, ndinayankhidwa kuti, “Pepani mayi, ndi za lipoti la kutchalitchi, tatsala pang'ono.” Atatha ananyamula beseni lija, lonse ndithu, n'kukaliika pabedi lotsatira. Kuchoka apo bedi linanso. Beseni limodzi lomwelo linazungulira wodi yonse, ndipo wodwala aliyense anajambulidwa ngati kuti katundu yenseyo ndi wake. Pomaliza anatulutsa jumbo ina n'kutigawira aliyense kachidutswa ka sopo wochapira ndi shuga wa m'kapepala woti sangakwane tiyi wa masiku awiri. Beseni linatuluka momwe linalowera, chitenje chili pamwamba, kulowera ku wodi ya abambo.

Beseni limenelo likundisowetsa tulo. Akanabwera ndi kachidutswa ka sopo kokhako n'kunena kuti izi n'zomwe takwanitsa, ndikanavina. Umphawi si mlandu, ndipo wopereka pang'ono mwachilungamo Yesu anamuyamikira kuposa olemera a m'kachisi. Koma kuika chuma pamiyendo ya nkhalamba yosatha kulankhula, kujambula, n'kuchilandanso, dzina lake n'chiyani? Kwathu timati bodza. Ndipo bodzalo ananamizira nalo mpingo wawo womwe, anthu amene anasonkha ndalama akuganiza kuti wodwala aliyense walandira beseni.

Lamulungu madzulo foni yanga inalira. Anali mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, akulira ngati mwana. Ife tinali titagwirizana kuti timuuze pang'onopang'ono za kukula kwa matendawa, popeza naye amadwala BP ndipo ali yekhayekha kumeneko. Iye anaona mayi ake pa Facebook, wina atamutumizira pa WhatsApp: pakamwa pokhota, phewa pamtunda, dzanja litapanikizidwa ndi shuga, pansi pake palembedwa kuti ulemerero ukhale kwa Mulungu, miyoyo yakhudzidwa. Anthu mazana atayikapo timitima. Ndani anawapatsa chilolezo? Ine sanandifunse. Mayi anga sakanatha kukana ngakhale akanafuna.

Ana anga, zomwe analalikira mtsogoleri wanu n'zoona, ndipo n'chifukwa chake zikundipweteka kwambiri. Ndakhala mu bungwe la amayi la mpingo wathu zaka zoposa makumi awiri, ndimadziwa kuti Mkhristu amene satumikira anzake moyo wake ndi wopanda mchere. Pa Mateyu 25 Ambuye sakufunsa kuti unayimba kwaya iti kapena unavala yunifomu yanji. Akunena za wanjala, waludzu, mlendo, wamaliseche, wodwala ndi wam'ndende. Koma werengani bwino pamenepo: olungama aja anadabwa, anafunsa kuti tinakuonani liti mukudwala? Sankadziwa n'komwe kuti akuchita chinthu chachikulu. Analibe lipoti. Ndipo Mateyu yemweyo pa mutu 6 akutichenjeza kuti popereka zachifundo tisalize lipenga, dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Kodi vesi imeneyo m'Baibulo la pafoni mulibe? Lipenga la masiku ano ndi kamera ija.

Msamariya wa pa Luka 10 anatsika pabulu wake, anagwira mabala ndi manja ake, anathirapo mafuta ndi vinyo, anatengera wovulalayo ku nyumba ya alendo, anagona komweko usiku wonse, m'mawa analipira mwini nyumba ya alendo n'kulonjeza kuti abweranso. Inu munakhala mu wodi mphindi zosakwana makumi anayi, ndipo simunafunse dzina la wodwala ndi mmodzi yemwe.

Mukanacheuka pakona, pafupi ndi zenera losweka lija, mukanaona chimene mumachifunafuna. Pamenepo pagona mayi wina amene abale ake anangomusiya pachipata n'kuthawa, alibe gadiyani. Amene amamusamala ndi gogo wina wochokera kumudzi, yemwe anabwera ndi mwana wake wamkazi wodwala pabedi lina. Gogoyu sadziwa kuwerenga, nsapato alibe, chitenje ali nacho chimodzi ndi china chofunda. Tsiku lililonse tambala woyamba asanalire amakhala atakoleza kale moto pamafuwa ku khitchini ya magadiyani. Amabwera ndi ndowa ya madzi ofunda, amayamba wamusambitsa mwana wake, kenaka amapita pakona paja. Amatchinga ndi chitenje chake kuti anthu asaone, amamutembenuza mayiyo pang'onopang'ono, kumupukuta kumsana komwe kwayamba zilonda, kuchotsa nsalu zomwe wadziipitsira n'kukachapa ndi manja ake. Phala lomwe waphikira mwana wake amaligawa pawiri. Ndinamuona tsiku lina akumuwenga zikhadabo ndi lezala, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku, mayi uja misozi ikutsika. Nditamufunsa ngati ndi mbale wake anangoti, “Iyayi mwanawe, koma ndimusiye choncho Mulungu akundiona?” Kachidutswa ka sopo komwe munamupatsa Loweruka anachapira nsalu za mayi yemweyo. Gogoyu pazithunzi zanu palibe, munamuuza kuti asunthe chifukwa amatchinga chinsalu.

Chikhristu cha m'dziko muno sichinayambe ndi kujambula. Dr Robert Laws anapanga opaleshoni ku Cape Maclear mu 1876, pomwe kunalibe msewu kapena magetsi. Ku Malamulo ndi ku Mua amishoni ndi Amalawi anzathu ankasambitsa zilonda za akhate pa nthawi yomwe abale awo enieni ankawathamangitsira kutchire. Dr Daniel Malekebu ataphunzira udokotala ku America anabwerera kwawo mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Chiradzulu, pomwe akanatha kukhala komweko n'kumadya bwino. Mpaka lero zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Mlambe, St Luke's ku Malosa ndi zina zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zachipatala m'dziko muno, makamaka kumidzi. Anamwino ambiri amene anagwira ntchito m'zipatala zimenezo anakalamba n'kumwalira opanda chithunzi ndi chimodzi chomwe. Inu ndinu zidzukulu zawo m'chikhulupiriro. Cholowa chimenecho mwachisinthanitsa ndi timitima ta pa Facebook?

Ndipo sindikudzudzula ana okha, chifukwa mwana amaonera akulu. Tonse tinaona nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pomwe matope anakwirira anthu ku Chilobwe ndi ku Soche, ndipo dziko linataya anthu oposa 1,000. Panali achinyamata amene ankakumba matope ndi makasu ndi manja kufunafuna matupi, panali amayi amene ankaphikira anthu m'makampu usana ndi usiku. Koma panalinso ena amene ankafika ndi galimoto zitatu, atolankhani kumbuyo, thumba la ufa limodzi kugwiridwa ndi anthu asanu ndi atatu ovala masuti, mayi wamasiye atagwada pakati. Khalidwe limeneli linali la andale nthawi ya kampeni, tsopano lalowa m'tchalitchi ndipo lakhala pampando wakutsogolo. M'mipingo yambiri Pepa Sande yogulira galimoto kapena zokuzira mawu imadzaza mbale mpaka kusefukira, koma mukati tisonkhe za nkhalamba yomwe denga lake linasasuka, msonkhano umatha anthu ali anayi. Mkhristu akamwalira choyamba kufunsidwa ndi kadi yake, ngati zopereka zinali bwino, pomwe miyezi isanu ndi umodzi yomwe anali chigonere palibe mkulu wampingo anaponda pakhomo. Titumikire munthu atalowa m'bokosi? Yakobo ananena kale kuti kuuza wanjala ndi wamaliseche kuti pita mumtendere, ukafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu, n'chikhulupiriro chakufa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abusa amene nkhope yawo inali pachinsalu chija nawonso tsiku lina adzagona pabedi, ndipo sindikhulupirira kuti adzafuna kujambulidwa dovu likutsika.

Malamulo aakulu a dziko lino pa ndime 19 amati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo ndime 21 imateteza chinsinsi cha munthu aliyense. Sanalembe kuti kupatula odwala kapena osauka. Wodwala amene ali mu wodi yolipira palibe angayerekeze kumulowera ndi kamera. Chifukwa chiyani mayi anga? Chifukwa agona mu wodi yaulere?

Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi akuluakulu a zipatala kuti aike lamulo lomveka, lomatidwa pakhomo la wodi iliyonse m'Chichewa: obwera kudzazonda odwala alowe, makamera atsale panja, ndipo mphatso ziperekedwe kwa mkulu wa anamwino kuti aziwerenge pamaso pa magadiyani. Anamwino athu ndi ochepa, sangasiye odwala n'kumalimbana ndi alendo, choncho alonda a pakhomo auzidwe. A Malawi Council of Churches, a Evangelical Association of Malawi ndi maepiskopi a Chikatolika, mawu anu amamveka. Kalata imodzi ya maepiskopi mu 1992 inagwedeza dziko lonse. Lembani kalata ina yowerengedwa m'matchalitchi yoletsa kujambula odwala, amasiye ndi ana ovutika. Ndipo magulu a achinyamata m'malo mobwera makumi awiri tsiku limodzi, agawane awiriawiri sabata iliyonse, afunse anamwino kuti ndi odwala ati alibe gadiyani.

Kwa inu a malaya oyera, chithunzi cha mayi anga muchichotse lero lomwe, pamodzi ndi za odwala ena onse. Mukatero mubwerenso, sindikuthamangitsani. Mubwere 5 koloko m'mawa, malaya aja musiye kunyumba chifukwa ada, mutenge ndowa, nkhuni ndi sopo. Chitenje chija ngati chikadali pamwamba pa beseni mubwere nacho, mayi wa pakona uja alibe chofunda, ndipo mwana wa gogo uja amutulutsa Lachisanu.

Ndine,
Gadiyani wokhumudwa,
Wodi ya amayi.