Mpando wa pamsewu ukhale masiku awiri okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi abale anga amene angofika kumene kuno ku Boston, ku America, komanso ndi anzanga amene takhalitsa mpaka tayamba kutengera khalidwe limene poyamba tinkadana nalo. Nkhani yake ndi ya mipando imene anthu amaika pamsewu kukagwa sinowo, posunga malo oimikapo galimoto. Kwa inu muli kumudzi ingamveke ngati nkhani ya ana, koma kuno yadanitsa anthu oyandikana makomo, ndipo ena awonongeredwa nayo magalimoto.

Ine ndimakhala ku Dorchester, dera lina la mzindawu, kumene nyumba zambiri n'zamatabwa, zosanja katatu: banja pansi, banja pakati, banja pamwamba. Zinamangidwa zaka zoposa 100 zapitazo, galimoto isanakhale ya aliyense, choncho zambiri zilibe poimika pabwalo. Lero nyumba imodzi ingakhale ndi magalimoto anayi kapena asanu pamene kutsogolo kwake kumangokwana awiri. Tonse timaimika m'mbali mwa msewu, ndipo malo amavuta ngakhale nyengo yotentha.

Loweruka pa 29 January 2022 kunagwa sinowo wokwana masentimita 60 tsiku limodzi. M'mawa wa Lamulungu galimoto yanga ndinangoizindikira ndi kagalasi ka m'mbali kamene kanatulukira pa chulu choyera. Wogwa yekha kuchokera kumwamba uja ndi wopepuka, savuta. Wovuta ndi amene chigalimoto chokokolola msewu chimakankhira m'mbali, chifukwa amasakanikirana ndi mchere ndi mchenga, n'kuuma usiku ngati dothi la pachulu. Fosholo yapulasitiki imangodumpha, mpaka utenge yachitsulo n'kumagumula pang'onopang'ono. Ndiye pali vuto la kokataya. Kubwezera mumsewu n'koletsedwa, panjira ya oyenda pansi eni nyumba amalamulidwa kulambulapo, choncho fosholo iliyonse umayenda nayo mapazi angapo n'kuiponya pamwamba pa mulu umene wafika kale m'mapewa. Ndinayamba 7 koloko, ndinamaliza itadutsa 9. Magolovesi anali atanyowa, zala zitachita dzanzi, koma mkati mwa jekete thukuta lili kamukamu. Nditangotsala pang'ono kumaliza, chigalimoto chija chinadutsanso n'kutsekanso kumbali konse.

Munthu amene wagwira ntchito imeneyo akatulutsa mpando wakukhitchini n'kuuika pamalopo asanapite kuntchito, ine sindimuimba mlandu. Inenso ndimaika. Ena amaika bini la zinyalala, ena tebulo lositirapo, ena chikuku cha mwana. Tanthauzo lake ndi limodzi: pano pagwa thukuta la munthu. Ife okulira kumudzi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Pa mjigo mayi amasiya ndowa pamzere n'kuthamangira kukaona mphika, ndipo palibe amene amaikankha. Koma tonse tikudziwanso kuti ndowa ija imasunga nthawi yako yotunga basi. Mjigo sukhala wako, ndipo ukaisiya mpaka mawa anzako amaiika pambali popanda wowadzudzula.

Mzinda wa Boston unaika malire omveka bwino pa nkhaniyi. Mpando umaloledwa pokhapokha akuluakulu a mzinda atalengeza kuti sinowo wafika poopsa, ndipo chilengezocho chikachotsedwa uli ndi maola 48 okha. Akatha, otola zinyalala ali ndi ufulu wounyamula ngati chinyalala china chilichonse. Malire amenewa anayamba nthawi ya malemu Meya Thomas Menino, ndipo anthu a ku South Boston, kumene mwambowu unazika mizu kwambiri, anakana kwamtuwagalu poyamba. Mameya otsatira, Marty Walsh ndi Michelle Wu, anawasiya momwemo. Ku South End anthu okhala kumeneko anagwirizana zothetseratu mipando mu 2015, ndipo mzinda unavomereza. Ine sindikupempha kuti ithetsedwe kulikonse. Maola 48 ndimawaona kuti ndi chilungamo, chifukwa ndi nthawi yokwanira kuti aliyense amene ali ndi mphamvu afukule galimoto yake, malo n'kuchulukanso.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene zimachitika tsiku lachitatu, lachisanu, mpaka sabata yachiwiri. Mipando sichoka. Ena amaika pamalo amene sanafukule okha, angopeza mnzawo wachoka. Ena amatulutsa mpando kukangogwa kasinowo koti ungasese ndi tsache, popanda chilengezo chilichonse. Ndinaonapo wina akuika usiku, sinowo asanayambe n'komwe, atangomva zanyengo pa wailesi. Apa palibenso za thukuta, uku n'kulanda msewu wa anthu onse.

Ovutika ndi ndani? Ndife amene timagwira ntchito usiku, ndipo Amalawi ambiri kuno tili m'gulu limenelo. Ine ndimasamalira okalamba, ndimalowa 11 koloko usiku n'kuweruka 7 m'mawa. Lachisanu la sabata imene ija, masiku asanu ndi limodzi chigwereni sinowo, ndinafika pamsewu wathu maso akulemera. Ndinawerenga malo asanu ndi atatu opanda galimoto, onse ali ndi mlonda wake: mipando, mabini, kabati yothyoka. Eni ake anali kuntchito, sakanabwera mpaka madzulo. Ndinazungulira kwa mphindi 40, n'kukaimika kutali cha ku Blue Hill Avenue, ndipo ndinabwerera wapansi pa ayezi. Malo asanu ndi atatu aja anakhala opanda kanthu tsiku lonse ine ndikugona.

Ndikanatha kusuntha mpando umodzi, lamulo linali mbali yanga. Sindinayerekeze, chifukwa ndikudziwa zimene zinamuonekera mnzanga wina wa ku Haiti amene amayendera odwala m'makomo mwawo. Iyeyo sasankha msewu, amapita kumene kuli wodwala. Tsiku lina anafika kwa agogo ena ofunika kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala, msewu wonse uli mipando yokhayokha. Anasuntha umodzi, n'kusiya kapepala pagalasi kofotokoza kuti achoka pakatha maola awiri. Potuluka anapeza matayala awiri aphwa, chitseko chakandidwa ndi kiyi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ndalama yokonzetsera inaposa malipiro ake a sabata yonse. Anandifotokozera misozi ili chuchuchu, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti agogo amene anawasambitsawo ndi a pamsewu womwewo, mwina wokandayo amawapatsa moni tsiku ndi tsiku.

Apa mpamene ndimasiyana ndi oikira kumbuyo mwambowu. Amati mpando umalemekezedwa chifukwa anthu amalemekeza ntchito ya mnzawo. Masiku awiri oyamba n'zoona. Kupyola apo umalemekezedwa chifukwa cha mantha, ndipo amaopa kwambiri ndi mlendo, mayi woyenda yekha, ndi wobwera amene safuna kuti nkhani ifike kupolisi. Ndamvapo abale athu ena akunena kuti kwa eni kulibe mkuwe, tingotsatira zimene tapeza. Koma zimene tapezazo eni ake omwe akukanganirana. Ku Philadelphia apolisi akhala akuchenjeza anthu pa intaneti kuti kusunga malo n'kosaloledwa. Ku Chicago, kumene ambiri amati mwambowu unakula pambuyo pa sinowo wa masentimita 58 wa mu January 1967, ogwira ntchito za mzinda amalengeza tsiku loti ayambe kunyamula mipando. Ku Pittsburgh mpando wa pamsewu ndi wotchuka mpaka amaujambula pa malaya, koma kutchuka sikuupatsa mphamvu ya lamulo. Palibe mzinda umene unalola munthu kuphwetsa tayala la mnzake.

Akuluakulu a mzinda nawonso ali ndi mbali yawo. Nyengo yozizira ya 2014 mpaka 2015 kuno kunagwa sinowo wopitirira mamita 2.7, wochuluka kuposa chaka china chilichonse m'kaundula wa Boston, ndipo mipando inakhala m'misewu masabata ambiri chifukwa chimvula cha sinowo chinkabwera china chisanaphwe. Chaka ngati chimenecho n'chapadera. Zaka wamba palibe chifukwa choti otola zinyalala azilambalala mpando umene nthawi yake yatha. Ndiponso malo ambiri amatayika chifukwa cha milu imene imatsala pakati pa magalimoto ndi m'makona. Milu imeneyo ikamachotsedwa msanga m'misewu ing'onoing'ono ngati mmene amachitira m'katikati mwa mzinda, ndewu zambiri sizikanabuka. Nambala ya 311, yoperekera madandaulo ku ofesi ya mzinda, ilipo, tiziimba. Kudandaula kumeneko si kuneneza mnansi, chifukwa sufunika kutchula dzina la munthu, umangonena msewu.

Kwa abale anga pempho langa ndi lochepa. Mukaona mpando m'maola 48 aja, usiyeni, ngakhale mwatopa bwanji, chifukwa wina anathyoka nawo msana. Wanu uchotseni nthawi ikakwana, osadikira kuti mnansi ayambe ndiye. Ndipo ngati wina wakulowerani pamalo, gogodani pakhomo kapena lembani kapepala kaulemu. Dzanja lisapite pa galimoto ya munthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ife ogwira ntchito m'makomo mwa anthu tsiku lililonse timakhala alendo pamsewu wa wina.

Pali njira imene yatithandiza pamsewu wathu. Pamwamba pa ine pamakhala bambo wina wa ku Cape Verde amene amayendetsa basi ya ana asukulu. Amachoka 6 koloko m'mawa n'kubwera madzulo, pamene ine ndimachoka usiku n'kubwera m'mawa. Chaka chatha tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tizifukula limodzi. Timayamba ndi galimoto ya mayi wachikulire wa pansi, amene amayenda ndi ndodo, kenako yake, kenako yanga, ndipo tikatsala ndi mphamvu timagumula mulu wa pakati kuti pakwane galimoto ina ya aliyense wobwera. Pa mpando wathu tinamata pepala m'kapulasitiki lolembedwa maola amene malowo ali opanda mwini, kuti namwino kapena mlendo aimike mtima uli m'malo. Mnzanga wa ku Haiti uja waimikapo kawiri. Pofika m'mawa wa tsiku lachitatu bamboyo amaukweza mpando uja pakhonde popita kuntchito, ndipo akaiwala ndimaukweza ine pobwera.

Ndatha ine wanu,
Mayi wosamalira okalamba
Dorchester, Boston