Za magemu awiri okwera phiri aja

Mwana wanga,

Kuno ku Likhubula tilipo, kungoti chiperoni chatitsekera m'nyumba masiku atatu ndipo bondo la amayi ako layambiranso.

Mlongo wako atabwera Loweruka anandiuza kuti mutu waima, ukulephera kusankha pakati pa magemu awiri, PEAK ndi Chained Together. Anandionetsa onse pafoni yake, tinakhala pakhonde mpaka bandulo kutha. Sindikukuletsa ayi. Laputopuyo unagula ndi thukuta lako, ndipo bola madzulo uzikhala m'nyumba kusiyana ndi kumabala. Chandisowetsa tulo n'chakuti akuti ukufuna kumulipiriranso mnzako uja kuti muzisewera limodzi. Yemwe uja? Ndalama za lendi zomwe unamubwereka chaka chatha anabweza?

Poti nkhani yake ndi yokwera, ndilole ndiyankhulepo, zaka zonse zija ndinkasenza zikwama za alendo pa phiri la Mulanje sizinapite pachabe. Gemu ya unyoloyo, Chained Together ya 2024, sindinaikonde. Anthu mpaka anayi amangidwa tcheni chimodzi m'chiuno, akukwera kuthawa kumoto. Wina akaponda molakwika amakoka anzake, mtunda wonse mwavutikira uja n'kuthera pomwepo. Ndikuonera, m'mimba munanditentha, chifukwa m'maso mwanga ndimaona iwe kutsogolo, iye akulendewera kumbuyo kwako.

PEAK ija, yomwe inatuluka mu June 2025, ndiye inandifika pamtima. Aliyense ali ndi chikwama chake ndi mphamvu zake, ndipo katundu akachuluka mphamvu zimachepa. Zimenezo n'zoona, funsa msana wangawu. Mnzako akatopa umamutambasulira dzanja, kapena kumuponyera chingwe, mwa kufuna kwako. Pansi nkhungu ikukwera kukutsatirani. Akuti ngakhale phirilo limasinthidwa tsiku ndi tsiku, ndiye sulingaloweze pamtima. Anaipangawo ndi timagulu tiwiri tating'ono, koma ulemu wa phiri akuudziwa. Ngati ukugula, gula imeneyo, ndipo ugule yako yokha.

Ukukumbuka tsiku lija ndinakutenga ku Chambe uli sitandade 6? Nkhungu inatsika mwadzidzidzi, dzanja lako silimaoneka n'komwe, unandigwira lamba ukunjenjemera koma sunalire. Ndinanyadira kwambiri tsiku limenelo, ngakhale sindinakuuze. Mtima wako ndi wofewa kuyambira kale, ndipo anthu ngati mnzakoyo mtima wotere amaununkhiza patali.

Inenso ndinali naye wotere. Tikupita ndi alendo ku Sapitwa, mamita 3,002, iye anali atagonera kachasu. Tisanafike n'komwe pa kanyumba kogona alendo ka Chisepo miyendo inamuthera. Ndinasenza zikwama ziwiri, changa kumsana chake pamutu, pamiyala yoterera ija. Pobwera malipiro tinagawana mofanana, ndipo madzulo ake anali kale pa Chitakale akumwa. Ndinamukhululukira kanayi konse. Amayi ako ndi amene ananditsegula maso.

Zogula pa Steam, msika wa pa intaneti wogulitsa magemuwa, zimafuna madola, ndipo iwe ukudziwa mmene dola ikuvutira kupeza masiku ano. Usamulipirire. Akafuna kusewera agule yekha, ukaona ngati angabwere. Lero ndi gemu, mawa bandulo, mkuja akugona pampando wako ndi mabotolo pansi. Ndabwereza dala, usamulipirire.

Bwanji osasewera ndi mlongo wako? Anaseka mpaka misozi poonera tianthu tija tikugubuduzika, ndipo kompyuta ya kusukulu ija ali nayo. Kapena msuweni wako wa ku Luchenza, mwana wosamwa uja.

Mwezi ukatha ubwere. Nanazi zapsa kumunda kwa amalume ako, ndipo amayi ako akusungira kalongonda. Laputopuyo ubwere nayo, magetsi akakhalapo ndidzaone ndi maso anga mmene ukukwerera. Mankhwala opaka a bondo aja usaiwale.

Ndine,
Bambo ako