Kwa mwana wanga, m'busa wa ana asukulu

Mwana wanga wokondedwa,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo pali mawu amene andikhala pamtima. Walemba kuti ntchito ya pasukulupo ukuigwira "podikira kudzozedwa". Ana amene amaima pamaso pako m'mawa uliwonse sakudikira chilichonse, mwananga. Zowawa zawo ndi za lero, ndipo m'busa amene ali naye ndiwe, wopanda kolalawe.

Ndikudziwa kuti si nkhosa zophweka. Kutchalitchi anthu amabwera okha, pomwe pa asembule amabwera chifukwa belu lalira. Ena ndi a zipembedzo zina, ena kwawo sapemphera n'komwe. Usawakakamize kapena kuwachititsa manyazi pagulu. Akakupatsa mphindi 5 zoyankhula, usatenge 15. Zimene ukuwerenga m'mabuku a zaubusa n'zabwino, koma ukalephera kuzifotokozera mwana wazaka 13, ndiye kuti nawenso sunazimvetse.

Masiku ano ndimaganizira kwambiri za Eli, pa 1 Samueli 3. Usiku umodzi mnyamata Samueli anapita kwa iye katatu, poyesa kuti ndiye akumuitana. Kawiri konse nkhalambayo inangomubweza kukagona, ndipo kachitatu m'pamene inazindikira kuti woitanayo ndi Mulungu. Eli sanadziike pakati. Anangomupatsa mnyamatayo mawu oyankhira, iye n'kuchokapo. Choncho mwana akakugogodera kachitatu ndi nkhani yopanda mutu, yoti wataya kope kapena m'mimba mukumupweteka, usatope naye. Kawirikawiri chimene wadzera amakhala asanachitchule.

Apa tsono undimvere bwino. Pocheza ndi mwana, chitseko chizikhala chotsegula, pamalo poti ena akukuonani. Macheza apafoni ndi ana usawayambe n'komwe. Usalonjeze kusunga chinsinsi nkhani usanaimve, chifukwa mwana akaulula kuti wina akumuchitira nkhanza, kapena kuti akuganiza zodzipha, sungangopemphera naye n'kukhala chete. Tsiku lomwelo udziwitse amene sukulu inawapatsa udindo woteteza ana, ndipo mwanayo umuuze poyera kuti ukutero komanso chifukwa chake. Mwina adzakukwiyira. Pirira nazo.

Aphunzitsi nawonso usawaiwale. Ena akusenza katundu wolemera kuposa wa ana.

Za kuchedwa kwa tsiku lako lodzozedwa, mtima m'malo. Paulo yemwe analangiza Timoteo kuti asafulumire kusanjika manja pa munthu, ndiye akuluakulu a mpingo akamakuyang'anitsitsa sikuti akukunyoza. Chimene ndimaopa ine n'choti uzitsegula Baibulo pokhapokha ukufuna ndime yolalikira kapena yolembera mayeso. Upeze m'busa wachikulire woti uzimukhuthulira zakukhosi, usamangozisenza wekha.

Mnyamata uja wofedwa mayi ake ndimamupempherera usiku uliwonse. Dzina lake usanditchulire, ungondiuza ngati wayambanso kulowa m'kalasi.

Ine mayi ako.