Kalata yochokera ku Birkenhead

Okondedwa Amayi,

Ndikukhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine chifuwa chija chayamba kutha. Ndalandira malipiro Lachisanu ndipo ndatumiza mapaundi 200 m'dzina lanu, osati m'dzina la achimwene monga ndinkachitira kale.

Mlungu wathawu ndinaperekeza agogo awiri amene ndimawasamalira kuntchito kukaona zithunzi ku Lady Lever Art Gallery, m'mudzi wa Port Sunlight umene William Lever anamangira antchito a pafakitale yake ya sopo wa Sunlight, yemwe uja timachapira kumtsinje. M'menemo muli chithunzi chachikulu chotchedwa The Last Muster, chimene Hubert von Herkomer anajambula mu 1875. Chikuonetsa asilikali okalamba, ovala majasi ofiira, atakhala m'mabenchi pa mapemphero a Lamlungu ku Royal Hospital Chelsea ku London, nyumba imene Mfumu Charles II inakhazikitsa mu 1682 kuti asilikali opuma pantchito asamazunzike. Mmodzi wazyolika, watsirizika mapemphero ali mkati, ndipo mnzake wokhala naye pafupi wamugwira pamkono kuti amve ngati mtima ukugundabe.

Amayi, ndinaima pamenepo misozi ikulengeza, chifukwa amene ndinkaona ndi Abambo, munthu amene anathera unyamata wake ku Cobbe Barracks ndi kulondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Nkhalamba ya pachithunzipo inali ndi woigwira mkono. Nanga Abambo akuwagwira ndani? Azakhali andiuza kuti mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anatha miyezi iwiri yapitayo, pamene achimwene agula njinga yamoto ya kabaza. Ndalama ya njingayo inachokera kuti, popeza fodya sanalime chaka chino? Ine ndimatumiza mwezi uliwonse, ndipo ndalamazo ndimazipeza ndikugwira ntchito usiku wonse, kunyamula ndi kusambitsa makolo a eni.

Lolemba mupite nawo Abambo kuchipatala ku Zomba, mukagule mankhwala a miyezi itatu, ndipo malisiti muwajambule munditumizire pa WhatsApp. Muwagulirenso bulangete lolemera, chifukwa June wayandikira. Chimanga cha m'nkhokwe asagulitse aliyense.

Ndimawalakalaka Abambo atakhala pansi pa mtengo wa mango uja, akupukuta nsapato zawo zausilikali. Achimwene muwauze kuti andiimbire Lamlungu madzulo, ndipo adzandifotokozere okha za njingayo.

Ndine mwana wanu.