Galu wouwa pa mtengo wopanda kanthu

Achimwene,

Uthenga wanu wandipeza, ndipo mtima wakhala pansi kumva kuti mayi akupezako bwino. Kuno ku Indiana, ku America, kwayamba kuzizira, masamba ayoyoka, chimanga m'minda akolola kale. Munafunsa za galu uja ndinakutumizirani chithunzi chake. Wandisowetsa tulo miyezi iwiri yathunthu.

Ndi wa mtundu wa Treeing Walker, wa mawanga oyera, akuda ndi ofiirira, ndipo ali ndi miyezi 16. Amasaka raccoon, kanyama koyenda usiku, ka mchira wa mizeremizere ndi banga lakuda kuzungulira maso, kokonda chimanga ndi tinkhanu ta m'mitsinje. Galu amalondola fungo lake akuuwa mokoka mawu. Kanyamako kakakwera mumtengo, kauwidwe kamasintha: amauwa modula, mofulumira, miyendo yakutsogolo ili pa thunthu, ndipo sachokapo mpaka mwini wake afike ndi tochi ya pamutu. Ukaunika m'mwamba, timaso tiwiri timanyezimira m'nthambi.

Wangayu anayamba bwino. Koma kuyambira mu Sepitembala ndinkayenda mtunda m'matope ndi m'minga, kufika pa mtengo, kuunika nthambi iliyonse, osaona kanthu. Usiku wina anandiitanira mitengo inayi, yonse yopanda nyama. Alenje akuno amati slick tree, ndipo galu wotere samuwerengera. Pa mipikisano ya bungwe la agalu la United Kennel Club, ngati wa Autumn Oaks umene umachitikira ku Richmond konkuno ku Indiana nthawi ya Labor Day (tchuthi cha ogwira ntchito cha kumayambiriro kwa Sepitembala), galu akauwa pa mtengo woonekeratu kuti mulibe kanthu amamuchotsera mapointi.

Ndinapita naye kwa mdala wina woyandikana nafe, amene wakalamba ndi agalu amenewa. Sanayang'ane galu, anandifunsa ine: ndikafika pa mtengo ndimachita chiyani? Ndinati ndimamusisita, ndimamuyamikira. Ndisanaunike? Inde, ndisanaunike. Apa ndi pamene panagona vuto, achimwene. Galuyo anaphunzira kuti mtengo uliwonse umabweretsa mbuye wake ndi chikondi, ndiye fungo likavuta pang'ono ankangosankha mtengo wapafupi. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinali nditayamba kumukwiyira pa chinthu chimene ndinamuphunzitsa ndekha.

Komanso raccoon ndi wochenjera. Amakwera pang'ono pa thunthu n'kudumphira kutali, kapena amadutsa m'nthambi kupita mumtengo wina n'kutsikira uko. Fungo limatsala pa mtengo woyambawo. Galu wokhwima amazungulira mtengo kaye kuti amve ngati fungo latulukira kwina, kenako n'kuuwa. Wanga sankazungulira n'komwe.

Chinanso, ndinkamutenga limodzi ndi agalu akuluakulu a mdalayo, ndipo ankangothamangira kumene anzake auwa, mphuno yake osaigwiritsa ntchito. Tsopano amasaka yekha. Ndikafika pa mtengo ndimamumanga chingwe, osanena kanthu, osamukhudza, n'kuunika modekha. Timaso tikaoneka, ndimamusisita mokwanira. Mukapanda kanthu ndimanena mawu amodzi olimba, ndimamukoka mamita angapo n'kumumasula kuti akafune kumene fungo lalowera. Kumenya ayi. Mdala uja anandichenjeza kuti galu wamng'ono ukamuzunza pa mtengo amayamba kuopa mtengo weniweniwo, n'kumauwa kawiri katatu n'kuthawapo, ndipo vuto limenelo ndi lovuta kuchiza kuposa loyambali.

Chimene chimandivuta mpaka pano ndi mitengo ya mphako. Raccoon amagona m'mphako, ndipo akalowamo sungamuone ngakhale tochi iwale bwanji. Pamenepo galu akhoza kukhala kuti wanena zoona. Ndikaona dzenje pa thunthu sindimudzudzula, sindimuyamikiranso, timangochokapo. Ndi chifukwa chakenso ndinadikira kuti masamba agwe ndisanalimbe naye: m'masamba obiriwira munthu ungalange galu wosalakwa.

Lamba wa Garmin amene amavala m'khosi, wosonyeza pamene galu ali, wandithandiza. Pa kachipangizo ka m'manja ndimaona mmene akuyendera, ndipo masiku ano ndikuona akuzungulira asanakhazikike. Lachiwiri lapitali, m'mbali mwa kamtsinje, anaima pa mtengo wina, kuuwa kawiri, kukhala chete, kenako n'kupitirira. Patapita mphindi 20 anauwa modula pa mtengo wa oak kutsidya. Nditaunika, timaso tija tinali pa nthambi yachitatu. Ndinagwada m'matope momwemo kumukumbatira.

Sanatheretu, pajatu dzana anandinamizanso kamodzi. Loweruka tikubwereranso kumtsinje komweko, awiriwiri.

Mundiperekere moni kwa mayi ndi alamu, ndipo mundiuze ngati mvula yayamba kwanuko.

Ndatha ine mnzanu wa ku Indiana