Land Rover ya malemu bambo athu: tiwudziwe bwanji mtengo wake?

Alangizi olemekezeka,

Pa chuma chamasiye chimene malemu bambo athu anatisiyira pali Land Rover yakale yomwe yakhala pa njerwa m'shedi zaka zambiri. Ana tilipo anayi, ndipo tamvana kuti isagulitsidwe tisanadziwe mtundu wake weniweni ndi mtengo woyenera. Ndilongosola zonse mmene zilili kuti mutiunikire bwino.

Zizindikiro zikuloza ku Series I, mtundu woyamba umene unkapangidwa ku Solihull, ku England, kuyambira 1948 mpaka 1958. Mbali zake n'zophwatalala, zilibe kupindika kwa m'chiuno kumene kunabwera ndi Series II. Kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo tapeza masentimita 218, omwe ndi mainchesi 86. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa Series I za mainchesi 80 zinalekezera mu 1953, za 86 zinapangidwa kuyambira 1954 mpaka 1956, kenako kunabwera za 88. Koma 86 ndi 88 zimangosiyana masentimita asanu, ndipo masipuling'i a galimotoyi anafooka kalekale, choncho tepi yokha sindingaikhulupirire.

Chotsimikizira ndi nambala. Kachitsulo ka nambala kali pa bulkhead, khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala, koma manambala awiri anafufutika. Ina inadindidwa pa chasisi penipeni. Taitsuka ndi parafini ndi burashi yawaya, n'kupakapo choko kuti iwoneke. Girayinda tinaikana, chifukwa ikangodya chitsulo pamenepo nambala yapita ndipo galimoto yataya dzina. Ku British Motor Museum, ku Gaydon, amasunga mabuku a fakitale ndipo amapereka chikalata chonena tsiku limene galimoto inatuluka m'fakitale, mtundu wa penti ndi kumene inatumizidwa, munthu akapereka nambala ya chasisi.

Injini imene ilimo si yake. Ndi ya malita 2.25 ya petulo, ya Land Rover zimene zinabwera pambuyo pake. Yake yeniyeni, ya 1997cc, ija mavavu olowetsa mafuta ali pamwamba pomwe otulutsa utsi ali m'mbali, ili pansi m'shedi momwemo ndipo inagwira. Tachotsa mapulagi n'kuthira dizilo pang'ono m'masilinda onse anayi kuti anyowe milungu iwiri tisanayese kuipukusa ndi dzanja. Kuikakamiza ndi chitsulo chachitali kumathyola maring'i kapena kupinda ndodo za mapisitoni, ndiye tikupita nayo pang'onopang'ono. Ine ndikuona kuti injini yogwirayi ingakweze mtengo kuposa yoyendayo, ngati zitatsimikizika kuti ndiyo inachoka nayo ku fakitale.

Thupi lake ndi la aluminiyamu, n'chifukwa chake anthu akaiona amati ikadali bwino. Chimene chimapha galimoto zimenezi chili pansi. Chasisi ndi bulkhead n'zachitsulo. Tagogoda ndi kahamala chasisi yonse: pakati ikulira bwino, koma mtanda wakumbuyo ndi timikono tiwiri togwira thupi taboowoka chifukwa matope ankakhala m'kati. Bulkhead yadyeka poponda mapazi ndi m'munsi mwa mizati ya zitseko. Pomwe aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo pali ufa woyera ndi timabowo, zimene zimachitika zitsulo ziwirizi zikakumana ndi chinyezi. Mabuleki onse ndi ofuna marabala, masilinda ndi mapaipi atsopano, ndipo mawaya a magetsi anadyedwa ndi makoswe.

Pali zinthu ziwiri zimene makaniko wosazolowera angalakwitse tsiku loyamba. Mabawuti ambiri ndi amuyezo wakale wa ku Britain, Whitworth ndi BSF, moti sipanala ya mamilimita imangowasalaza mitu. Komanso batire yake imalumikizidwa mbali ya pulasi ku chasisi, mosiyana ndi galimoto zamasiku ano.

Anthu atatu abwera kale. Wogula zitsulo zakale akufuna kuiyeza pa sikelo. Makaniko wina akuti tiikonze msanga, tiikemo injini ya dizilo ya galimoto ina, tipake penti yowala, mtengo ukwera. Ine sindikugwirizana naye, poti okonda galimoto zimenezi amafuna penti yoyambirira ngakhale itasuluka, ndipo zimene zasinthidwa amazichotsera pa mtengo. Wachitatu ndiye wandidetsa nkhawa: akufuna kachitsulo ka nambala ndi blue book zokha, galimoto itsale. Zikatero nambala yathu ikhoza kukavekedwa pa galimoto ina, ife n'kutsala ndi chitsulo chopanda dzina, mwinanso ndi mlandu.

Tsono ndithandizeni pa izi. Blue book ili m'dzina la malemu ndipo nambala ya injini yolembedwamo ndi ya injini ili pansi ija. Kodi tiyambe ndi kutenga chilolezo choyendetsera chuma chamasiye, monga likunenera lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira, kenako n'kupita ku Road Traffic kukasintha umwini? Nanga kumeneko angalole kusintha umwini wa galimoto yosayenda, yomwe sitingapite nayo kukayezedwa?

Pa mtengo, njira imene ndikuganiza ndi kuona ndalama zimene za mainchesi 86 zosakonzedwa zagulitsidwadi m'misika ya ku Britain ndi South Africa, osati mitengo yongoitanira, n'kuchotserapo ndalama zonyamulira, zowotcherera chasisi ndi bulkhead, ndi zogulira zipangizo zoitanitsa kunja. Kodi kuwerengera kotere abale ndi khoti angakuvomereze pogawana chuma, kapena pafunika woyesa mitengo wovomerezeka kuti alembe lipoti? Woyesa wamba amaona zaka za galimoto n'kutsitsa mtengo, pamene pa iyi zaka ndizo zikuukweza. Ngati mukudziwa mmene tingapezere woyesa amene amamvetsa galimoto zakale, kaya muno kaya wakunja woti n'kumutumizira zithunzi ndi manambala, tiuzeni, ndiponso mutiuze ngati tidikire chikalata cha ku Gaydon tisanamuitane.

Ine wowerenga wanu,
Zomba