Aise, za autophagy yakoyo

Aise,

Mavidiyo ako atatu aja a kusala kudya ndi autophagy ndawaonera onse mpaka kumapeto, bandulo yanga yathera pompo ndiye ukudziwa chochita kkkk. Ndachedwa kuyankha chifukwa cha mayeso a kumapeto kwa teremu, ndimachonga mapepala a Biology mpaka usiku pa tochi ya foni, komanso nkhaniyi siyoyankha pa voice note. Kuno tili bwino, mvula inachedwa koma chimanga chamera, alamu ako akuti moni.

Ndiye eti wasiya kudya m'mawa, ukumakhala maola 16 osalawa kanthu kuti autophagy iyambe thupi lizidzitsuka? Iweyo? Munthu amene ku boarding unkabisa mkute mu locker? Ndinaseka mpaka ana kubwera kudzaona. Koma usaganize kuti ndikunyoza, autophagy ilipodi, si bodza la pa TikTok ayi, kungoti mzungu wa mu vidiyo uja watenga nkhani yabwinobwino nkuidula miyendo kuti ikwane mu mphindi zitatu.

Mawuwo ndi a Chigiriki, tanthauzo lake kudzidya wekha. Anawayambitsa mu 1963 ndi Christian de Duve wa ku Belgium, yemweyo amene mu 1955 anatulukira lysosome pofufuza chiwindi cha makoswe. Lysosome ndi kathumba ka mkati mwa selo kodzaza asidi ndi ma enzyme (mapuloteni ophwanya zinthu) oposa 50, chilichonse cholowamo chimasungunuka. Ndiye selo likakhala ndi katundu wotha ntchito, kaya ndi mitochondria (kainjini kopanga mphamvu mu selo) yakalamba kaya mapuloteni aundana, limapanga kachikopa nkukulunga zinthuzo ngati mmene amayi amamangira phukusi pa chitenje, phukusilo nkukalumikizana ndi lysosome, basi zonse kuphwasuka. Koma sizitayidwa. Ukukumbuka titagwetsa nyumba ya agogo ako ija, tinakhala masiku awiri tikusankha njerwa zabwino, kuzipala dothi ndi chikwanje, nkumangira khitchini? Ndi zomwezo. Ma amino acid, amene ndi njerwa za mapuloteni, amatuluka nkukamangira mapuloteni ena atsopano.

Apa ndi pamene ana anga a Form 4 amandiyang'ana ngati ndikunama. Thupi la munthu wamkulu limamanga mapuloteni okwana magalamu 200 mpaka 300 tsiku lililonse, pomwe mu chakudya, ngakhale udye bwino nyemba ndi usipa ndi dzira, umapezamo mwina 60 kapena 80. Enawo akuchokera kuti? Njerwa zakale. Tsiku ndi tsiku, wadya kapena sunadye, uli mtulo kapena uli pa scaffold ku Joni konko, ntchito yogumula ndi kumanga siima. Ngakhale magazi ako, maselo ofiira amakhala masiku 120 kenako kapamba amawaphwanya, iron yake nkubwerera kukapanga magazi ena.

Munthu wa ku Japan amene akumutchula mu vidiyo yachiwiri uja ndi Yoshinori Ohsumi, ndipo zoona analandira Nobel mu 2016, yekhayekha. Koma sanauzepo munthu kuti adumphe breakfast. Bamboyu ankagwira ntchito ndi yisiti, yemweyo amene mlongo wako amathira mu ufa wa mandasi. Anatsegula labu yake ku University of Tokyo mu 1988 ali ndi zaka 43, ndipo vuto linali loti mu yisiti wabwinobwino phukusi likangolowa mu thumba la asidi limasungunuka msanga, suona kanthu. Iye anachita nzeru ya mlenje, anatenga yisiti wopanda ma enzyme osungunula aja nkumumana chakudya. Patapita maola ochepa atasuzumira pa maikulosikopu wamba anapeza thumba lija ladzaza timibulu tikuvinavina, tosowa wotiphwanya. Ine ndimakonda pamenepo, kuti ukafuna kuona ngati zinyalala zikubwera kudzala, ingoletsa woziotcha, mulu uziona wekha. Anafalitsa zimenezi mu 1992, chaka chotsatira nkupeza ma gene 15 oyendetsa ntchitoyi, kenako zinadziwika kuti ma gene ofanana nawo ali mwa ifenso.

Nambala ya 16 ija siinachokere kwa iye. Zambiri zomwe zikudziwika za njala ndi autophagy zinachokera ku yisiti ndi mbewa za mu labu (zoyera zija, osati zathu za pa mpani za ku Salima road), ndipo mbewa thupi lake limathamanga kwambiri, ikakhala tsiku limodzi osadya yaonda kale moonekera. Munthu wamoyo sungamudule chiwindi ola lililonse kuti uwerenge maphukusi. Ndiye amene akukuuza kuti ikakwana 12 koloko masana switch imayaka, mufunse anayezera chani.

Tsono pali njira ina yomwe mavidiyo ako onse atatu sanaitchule nkomwe, mwina poti palibe tiyi amene angagulitse nayo. Autophagy imanyamula katundu wamkulu mwa chigulu, koma puloteni imodzi imodzi ikapindika molakwika kapena ntchito yake ikatha, selo limaiika chizindikiro. Chizindikirocho ndi kapuloteni kakang'ono ka ma amino acid 76, dzina lake ubiquitin. Zili ngati mtanda wofiira uja amalemba pa mashopu omangidwa mu msewu, ukangouona wadziwa kuti bulldozer ikubwera. Kamodzi sikakwanira, amalumikiza tinayi kapena kuposa ngati unyolo, ndiye puloteni ija imatengedwa kupita ku proteasome, chinthu chooneka ngati kamgolo kobowola uku ndi uku. Pakhomo imatambasulidwa kukhala ngati chingwe, nkulowetsedwa, kutsidya kumatuluka tizidutswa. Chigayo chenicheni aise, mpaka ubiquitin uja amachotsedwa pakhomo nkukagwiranso ntchito kwina, monga thumba umabwerera nalo kunyumba ukagayitsa.

Chinkadabwitsa anthu kale nchoti selo limawononga mphamvu, ATP, pongofuna kuphwanya katundu wake yemwe. Kulipira ganyu kuti akugwetsere nyumba yako. Amene anamasula nkhaniyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi Avram Hershko ndi Aaron Ciechanover a ku Haifa ku Israel limodzi ndi Irwin Rose wa ku Philadelphia, ndipo anawapatsa Nobel ya Chemistry mu 2004. Yankho lake nloti mphamvuyo imapita pa kusankha. Mapuloteni ena amafunika akhale mphindi zochepa chabe, agwire ntchito achoke, akachedwa selo limagawikana nthawi yolakwika. Ena, ngati a mu galasi la diso, sasinthidwa moyo wonse, omwe unabadwa nawo ndi omwewo, nchifukwa chake akaundana ku ukalamba munthu amachita ng'ala.

Ndipo apa pali nkhani yokukhudza kuposa mimba yakoyo. Mu selo muli puloteni ina, p53, ntchito yake ndi ulonda, ikaona DNA yawonongeka imaimitsa selo kapena kulipha lisanasanduke khansa. Kachilombo ka HPV kali ndi puloteni yake, E6, imene imanyenga selo kuti liike mtanda wofiira pa mlonda ameneyu. Mlonda kupita ku chigayo, mudzi kutsala pululu. Umu ndi mmene khansa ya khomo la chiberekero imayambira, ija ikutha amayi kuno kwathu kuposa khansa ina iliyonse. Katemera wake anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Mwana wako uja akukwanitsa 9 chaka chamawachi ndipo agogo ake ndawamva kale akunena zoti katemerayu amatseka mimba. Uwaimbire wekha, ine akangondiona amati aphunzitsi ayamba. Nkhani imeneyi ndiyo ndikufuna uigwire ndi manja awiri.

Za vidiyo yachitatu yoti kusala kudya kumapha khansa, ayi ndithu, usatumizirenso munthu wina. Autophagy imathandizadi selo labwino kuti lisaonongeke, koma chotupa chikakula nacho chimagwiritsa ntchito autophagy yomweyo kuti chipirire pamene magazi sakufika bwino. Ndipo pali mankhwala a khansa ya m'mafuta a m'mafupa, bortezomib, amene anavomerezedwa ku America mu 2003, ntchito yake ndi kutseka chigayo chija kuti maselo a khansa atsamwe ndi zinyalala zawo zomwe. Waona? Pena kuchiza ndi kuletsa kutsuka kumene.

Chimene njala imachita nchoti imakweza liwiro, zimenezo nzoona, koma cholinga chake si ukhondo, ndi kupulumuka. Mu 2004 gulu la Noboru Mizushima ku Japan linaonetsa kuti mbewa ikangobadwa, mchombo utaduka mkaka usanakhazikike, autophagy imakwera kwambiri, kamwanako kamadzidya pang'ono kuti kafike pa bere. Timbewa tomwe anatichotsa gene ya autophagy yotchedwa Atg5 tinkafa pasanathe tsiku. Ndiye ndi nkhokwe ya pa ngozi. Ndipo ine ndi iwe nkhokwe imeneyi tinaiona ikutha ndi maso athu pa njala ya mu 2002. Ukukumbuka malume anga aja, mmene wotchi yawo inkatsikira mpaka pa zala, iwo nkumaboola lamba ndi msomali wotentha sabata iliyonse? Mnofu wa m'manja ndi m'ntchafu umene unkasowa uja unkapita ku njira ziwiri zomwezi, thupi kugwetsa chipinda chogona kuti lipeze njerwa zochirikizira mtima ndi ubongo. Nchifukwa chake ndikamva munthu wokhuta akutamanda njala pa kamera, ndi ring light yake, china chake chimandiwawa mkati, sindinama.

Sindikuti usiye. Ngati kudumpha cha m'mawa kwakuchepetsera ma vetkoek ndi Coke, mimba itsika, ndipo itsika chifukwa ukudya zochepa, palibe matsenga. Koma zija ukuti mwezi wamawa uyesa masiku atatu pa madzi okha, iwe wa zilonda za m'mimba, ukugwira ntchito pamwamba pa nyumba ya nsanjika zinayi, chizungulire chikakupeza kumeneko autophagy siikugwira dzanja. Ndipo tiyi wa 450 rand uja usagule, ndalamayo tumiza kuno tigule feteleza wobereketsa, munda wa amayi ako wayamba kale chikasu cha kumunsi kuja.

Ukamabwera pa Khirisimasi undigulireko charger yeniyeni, ya pa msika ija yapsa kachitatu. Ndipo ubwere ndi njala yako yonse ya maola 16, alamu ako asunga nkhuku yachikuda.

Ndine mnzako uja wa bedi la pansi.